Nkhope ya Mkamwini Wanga

Senderani kuno, mtedzawo usiyeni kaye, suthawa. Iwe wakhala padzuwa, lowa mumthunzi muno. Nkhani iyi ena mwa inu munaimvapo zidutswazidutswa, wina mutu wina mchira, ndiye lero muimve yonse kuchokera kwa ine amene ndinali pomwepo. Uyu akulemba nkhaniyi asandithamangitse. Ine ndimayenda ngati ng'ombe ya pangolo, kufika ndimafika.

Kwathu ndi ku Kasungu, koma ndinakwatiwa kuno ku Mzimba, cha ku Engutwini, ndili mtsikana. Chitumbuka ndinachiphunzira, ndimagula nacho mchere, ndimakangana nacho pachitsime, koma mwambo wa kwathu sindinausiye panjira. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Simudyera pamodzi. Mukafuna kulankhulana mumakhala chofulatirana, mawu n'kumadutsa pa munthu wina. Si chidani ayi, ndi ulemu.

Mwana wanga wamkazi wotsiriza anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Dedza amene anabwera kudzacheka matabwa ku nkhalango ya paini ku Viphya. Banja lawo linkakhala pa Boma, kuseri kwa msika, iye n'kumabwera kunyumba pakutha pa mwezi. Mnyamatayu mwambo ankausunga kuposa ine mwini. Akamafika kwathu ankayamba kutsokomola ali kutali kuti ndikonzeke. Shuga ankasiya pachitsa, osati m'manja mwanga. Chitseko cha nyumba yanga anakhoma ndi iye, ndipo tsiku lonselo ine ndinakhala kudimba. Ana awiri anabadwa, wachitatu ali m'njira, ine nkhope yake ndisanaione bwino. Ndinkadziwa mapazi ake. Chikhadabo cha chala chachikulu chakumanzere chinali chong'ambika, thabwa linachigwera. Ndinkadziwanso mawu ake, chifukwa anali munthu wa nthabwala, ana akakhala naye ankaseka mpaka kugubuduka m'fumbi, ine n'kumasekera kuseri kwa nkhokwe.

Matenda anamugwira nyengo yozizira, titangomaliza kukolola. Anayamba ndi kugwetsa zinthu m'dzanja lamanja. Kenako mwendo wa mbali yomweyo unayamba kukwekwereza, lilime n'kulemera. Anzake kuntchito ankamunena kuti wayamba kachasu mobisa, pomwe iye ngakhale thobwa lowawasa sankalifuna. Mwezi usanathe anagwa pansi n'kuyamba kuphupha, mbwenu anamukweza pa lole ya matabwa kubwera naye kuchipatala cha pa Boma. Anamuyeza malungo, shuga, kuthamanga kwa magazi, ndi kachilombo komwe. Zonse kunalibe. Anati mwina ndi sitiroko, koma adokotala ankapukusa mutu poti munthuyo anali wachinyamata. Anati apite ku Mzuzu akajambulidwe m'mutu.

Apa ndi pomwe panavuta. Wodwala sapita yekha, pamafunika gadiyani womuphikira ndi kumuyang'anira. Mkazi wake anali kale kuchidikiro, mimba itatsika. Mayi ake a mnyamatayo anamwalira kalekale, mlongo wake ali ku Joni. Ndinakwera kabaza kupita kukamuona mwana wanga, ndipo ndisanakhale n'komwe anandiuza kuti ndipite ndine. Ndinamufunsa ngati mimbayo yamusokoneza mutu. Iye anangoti, "Amayi, nanga ndituma ndani?" Ndinamanga tiufa, mphika ndi zitenje ziwiri.

Ku Mzuzu chithunzi chinaonetsa chinthu chachikulu ngati dzira la nkhuku, mbali ya kumanzere kwa ubongo. Anati ndi chotupa. Liwu limenelo aliyense amalidziwa, ndipo likatchulidwa anthu amayamba kulankhula motsitsa. Anatitumiza ku Blantyre, komwe kuli madokotala otsegula mitu. Ulendo wonsewo mu ambulansi ine ndinakhala choyang'ana pawindo, iye atagona kumbuyo kwanga. Khosi linandipweteka sabata yathunthu.

M'wodi ya ku Blantyre ndinapeza malo anga pansi, kumiyendo kwa bedi, msana ndikulozetsa kwa iye. Kumusambitsa ndi kupita naye kuchimbudzi anandithandiza bambo wina wachikulire amene ankadwazika mwana wake pabedi la kutsogolo, Mulungu amudalitse. Koma kumudyetsa kunali kwanga, poti dzanja lake silinkagwira supuni. Ndinkatambasula mkono chakumbuyo, nkhope ili kukhoma, iye n'kumasaka supuniyo ndi pakamwa. Pabedi loyandikana nalo panali mayi wina wa ku Mulanje, wonenepa, wa mawu aakulu, akudwazika mwamuna wake. Tsiku loyamba anangoonerera. Tsiku lachiwiri anati, "Amayi a ku mpoto, phalalo likulowa m'khutu." Wodi yonse inaseka, ndi mkamwini wanga yemwe, kuseka kwake kokhotakhota kuja. Ndinamufotokozera mayiyo kuti uyu ndi mkamwini wanga. Anati iye wakeyo amamutuma ngakhale kukagula fodya wa m'mphuno, ndipo palibe amene anafapo. Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kuphikira pa moto umodzi kukhitchini ya magadiyani. Ankanditcha "a ku mpoto", ine n'kumamutcha "a kumapiri".

Anamujambulanso ndi makina ena aakulu, olira ngati chigayo. Chithunzi chitatuluka, madokotala anagawanika. Wamkulu wa opaleshoni, bambo wa imvi wolankhula modekha, anati njira yodziwira zoona ndi kutsegula mutu n'kutapako kachidutswa. Sanatibisire kanthu. Anati chinthucho chakhala pafupi ndi pomwe pamachokera mawu, ndipo mpeni ukadutsa pamenepo munthu angathe kudzuka wamoyo koma osadzalankhulanso. Anatinso chikakhala chotupa choipa, kuchedwa nakonso ndi imfa. Ankafuna ife tivomere. Ine ndinaganiza za ana aja akugubuduka m'fumbi, ndi winayo amene anali asanamve n'komwe mawu a bambo ake.

Koma panali dokotala wina wamkazi, wocheperapo msinkhu, wa matenda a mitsempha. Iyeyu anandiitana kuti ndione chithunzicho ndi maso anga. Ndinamuuza kuti sukulu sindinapiteko. Anati ng'ombe ndinaziwetapo? Ndinati kwambiri. Anandilozera mzere woyera wozungulira chinthu chija, nati ndiuone ngati khola. Chotupa, anatero, nthawi zambiri khola lake limakhala lotsekeka kuzungulira konse. Koma ili linali ndi mpata mbali imodzi, ngati mnyamata waiwala kutseka chipata. Ndinauonadi mpatawo. Anati alipo matenda ena, osowa kwambiri, amene amatupitsa ubongo mpaka kuoneka ngati chotupa pomwe si chotupa, ndipo amenewo safuna mpeni, amafuna mankhwala. Koma chithunzi chokha sichingagamule mlandu. Ndinamumva bwino. Mapira ndi chimanga zikangomera zimafanana, umafunika kudziwa chomwe chinadzalidwa ndi kuona mmene zikukulira.

Anamuika diripi ya mankhwala amphamvu ochotsa kutupa, nati opaleshoni idikire pang'ono pomwe akufufuza. Ndiye m'mawa uliwonse dokotala wamkaziyo ankabwera ndi mafunso, ndipo mafunsowo ankagwera ine. Pakamwapa pawongokako poyerekeza ndi dzulo? Ndinati sindikudziwa. Diso ili linali lotere kuyambira kale? Sindikudziwa. Akamaseka, tsaya ili limakwera? Sindikudziwa. Ndinamuuza kuti za phazi andifunse, phazi ndikulidziwa, ndipo zala zayamba kugwedera. Anandifunsa ngati ndinedi gadiyani wa munthuyu. Mayi wa ku Mulanje anayankhira ali pamphasa pake kuti ndine gadiyani wa khoma.

Akafunsa mwini wakeyo, zinali chimodzimodzi. Ine ndikakhala pafupi, yankho lake linali limodzi, "Ndili bwino." Mutu? Ndili bwino. Zinayamba zakuchitikiranipo zotere kale? Ayi, ndili bwino. Mkamwini sadandaula pamaso pa apongozi ake. Ndikatuluka kuti amasuke, lilime linkamulemera, ankatopa msanga, n'kusowa womukumbutsa pomwe walekezera. Dokotalayo mwambowo ankaudziwa, anati agogo ake nawonso ankatero, ndipo sanandinyoze. Anangokhala pa mpando n'kundiuza kuti iye amamuona wodwalayu kamphindi kochepa patsiku, anamwino amasinthana, koma amene ali naye kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi ine. "Agogo, maso anu ndikuwafuna," anatero. "Ndikapanda kupeza chowauza akuluakulu aja, Lachinayi alowa naye ku opaleshoni."

Masana amenewo ndinakhala kukhitchini osayatsa moto. Mnzanga wa kumapiri anandifunsa ngati kwathu mwambowu ulibe chomasulira, poti mfundo iliyonse ili ndi pomasulira pake. Ndinati chilipo. Mkamwini akakhalitsa pabanja, akulu amakhala pansi, iye amapereka nkhuku kwa apongozi ake ndi dzanja lake, n'kudyera limodzi, basi kuyambira pamenepo amayang'anana. Kungoti ife sitinachite, tinkangoti chaka chamawa, ndipo kunena zoona tonse awiri tinazolowera. Koma pano, ndinatero, akulu ali kuti, nkhuku ili kuti? Iye anati akulu ndi iyeyo ndi bambo wa pabedi la kutsogolo uja, imvi ali nazo zokwanira mudzi wonse. Nkhuku ili pageti, anyamata a tchipisi akukazinga.

Ndinamuimbira mwana wanga pa foni ya mayiyo. Anali atachira kumene, mwana wamwamuna, ndinkamumva akulira chapatali. Ndinamufotokozera mozungulira, mwamanyazi. Iye sanazungulire. Anati, "Amayi, ayang'aneni. Ine ndikufuna abwere akulankhula." Kenako ndinatuma bambo wachikulire uja kuti akamufunse mwini wake. Anabwera n'kundiuza kuti wavomera, koma akuti ikhale ntchafu, asachititse manyazi a ku Dedza ndi phiko.

Ntchafuyo inabwera itakulungidwa m'pepala, mafuta akudontha. Bambo uja anaima n'kulankhula mawu ochepa monga amachitira ankhoswe, mayi wa ku Mulanje akuvomereza ngati ali m'tchalitchi. Odwala ena anadzuka kukhala tsonga. Mkamwini wanga anakana kupereka ndi dzanja lamanzere, anati apongozi sapatsidwa chinthu ndi lamanzere. Anamufumbatitsa m'dzanja lodwalalo. Ine ndinali nditagwada, maso ali pansi, ndikuona dzanjalo likunjenjemera, likukwera pang'ono, n'kugwa, n'kukweranso. Palibe amene anamuthandiza. Litafika, ndinalandira ndi manja awiri, ndinanyema, ndinadya, ndinamudyetsa. Kenako ndinadzutsa mutu.

Anali munthu wa nkhope yaitali, wa maso ofatsa, ndevu zitamera mosasamalika. Pakamwa panali patakokekera mbali imodzi. Ndipo pakati pa mano akutsogolo panali mpata, womwewo uli ndi mdzukulu wanga woyamba, umene ine kwa zaka zonsezi ndinkauza anthu kuti anatengera kwa malemu amayi anga. Iye anandiyang'ananso, nalimbana ndi lilime lake mpaka mawu anatuluka.

"Apongozi, kani mumafanana ndi mkazi wanga chonchi."

"Iyeyo ndiye amafanana ndi ine," ndinatero. "Tsegulani pakamwa, nyama yatsala."

M'mawa mwake dokotala atabwera anandipeza nditakhala kumutu kwa bedi. Sanafunse chomwe chachitika, anangoyang'ana mnzanga uja, amene anali atatukumula chifuwa ngati tambala. Anabwerezanso funso lake lija, ngati zotere zinayamba zamuchitikirapo. Mkamwini wanga anandiyang'ana kaye, kenako anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono, ine ndikumutolera mawu akamugwa. Anati chaka chomwe ankafunsira mkazi wake, diso lamanja linachita chifunga, likupweteka akalitembenuza, mpaka linasiyiratu kuona. Sanauze munthu. Ankaopa kuti kuntchito amuchotsa pa makina, ndiponso kuti kwathu timukana, tinena kuti mwana wathu asakwatiwe ndi wa diso limodzi. Patapita masabata angapo linayera lokha, iye n'kuiwala.

Apo ndinakumbuka. Tsiku lomwe anabwera ndi ankhoswe ake, ndinamusuzumira pa mpata wa mpanda, ndipo ndinaona mnyamata atakhala cham'mbali, mutu atapendeketsa, osayang'ana akulu mwachindunji. Ndinauza malemu amuna anga kuti uyu ndiye waulemu, uyu timupatse. Ndakhala ndikuwauza anyamata a m'mudzi kuti aziphunzira kukhala pansi kwa mkamwini wanga. Ndinamufunsa pomwepo ngati unali ulemu kapena diso. Anati, "Linali diso, apongozi. Ulemu unabwera pambuyo."

Dokotala sanaseke nafe nthawi yaitali. Anatenga katochi kake n'kuunika m'kati mwa disolo, nati mtsempha wake ndi wotuwa, chizindikiro choti unadwalapo. Anati nkhani imeneyi ndi imene ankaisaka, chifukwa chotupa sichigwira diso n'kulisiya, n'kudzabweranso patapita zaka pamalo ena. Anamutapa madzi a kumsana kukayeza, anayezanso chifuwa chachikulu ndi tizilombo tina tomwe timamanga zisa mu ubongo. Ine ntchito yanga inali kuyang'ana. Ndinayang'ana ngati mwana amene wapatsidwa galasi. M'mawa uliwonse ndinali ndi zonena: lero malovu sakudontha, lero tsaya lakwera poseka, lero wagwira supuni yekha mpaka kuthera theka la phala, lero wayesa kuimba mluzu koma kwatuluka mphepo yokha.

Lachitatu madzulo dzuwa lisanalowe madokotala awiri aja anabwera limodzi. Wamkuluyo anamuuza kuti afinye zala zake, anene dzina la mudzi wake, awerenge ana ake. Anatchula awiri, ine ndinamukumbutsa kuti tsopano ndi atatu. Bamboyo anayang'ananso chithunzi, anamvetsera za diso zija, nati mpeni suthawa, adikira. Koma anatichenjeza kuti tisavine msanga. Zilipo zotupa zina zomwe nazonso zimafota ndi mankhwala omwewa, kenako n'kudzuka zitakwiya. Chomwe chidzanene zoona ndi nthawi, ndi chithunzi china.

Tinabwerera ku Mzimba ndi mapiritsi. Miyezi imeneyo inali yaitali chomene. Sindinapite kumudzi, munda anandisosera anzanga a mumpingo. Ndinakhala nawo pa Boma, ndikulera khanda, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamukhazika mkamwini wanga pakhonde n'kumuuza kuti aseke, atseke maso, akweze manja onse awiri, monga anandiphunzitsira dokotala. Amayi oyandikana nawo nyumba ankasuzumira pampanda, ena mpaka kufunsa mwana wanga kuti mayi ake ayamba liti kuyang'anitsitsa mkamwini chotere. Mapiritsiwo anamutupitsa masaya, ankadya ngati anthu atatu. Tsiku lina atadzuka ndi mutu, ndinakhala tsiku lonse osalawa kanthu. Chinali chimfine.

Mvula yoyamba itagwa tinapitanso ku Blantyre, ulendo uno pa basi, titakhala mpando umodzi, tikudya chimanga chootcha. Makina aja analiranso. Dokotala wamkazi anaika zithunzi ziwiri pamodzi, chakale ndi chatsopano. Dzira lija linali litasanduka kanjere ka mtedza, khola lija osaonekanso, ngakhale mapiritsi anali atawamaliza kalekale. Anati tsopano angathe kunena. Si chotupa. Anafotokoza kuti mitsempha ya mu ubongo ili ndi chokutira chake, ngati nthambo ya magetsi, ndipo asilikali a m'thupi mwake anasokonezeka n'kuyamba kudya chokutiracho, ngati galu woluma nkhuku za pakhomo pake. Anati matendawa angathe kugona mpaka kalekale, angathenso kudzuka, ndipo akadzaona diso, dzanja kapena mwendo zikuchita zachilendo asadzanenenso kuti ali bwino. Mkamwini wanga anati yewo, adokotala, ndamva. Ndipo analankhula njira yonse mpaka pa Jenda, ine ndikufuna kugona.

Ku makina ocheka sanabwerereko, chifukwa dzanja lija silinapezenso changu chake chonse, ndipo macheka sadikira munthu. Anatsegula kamalo kogulitsa matabwa pafupi ndi msika wa pa Boma, anzake akale ndi amene amamubweretsera. Kukatentha kwambiri mwendo umakwekwerezabe pang'ono. Matendawo anadzukapo kamodzi, pa diso linalo, koma anathamangira kuchipatala sabata yomweyo ndipo linayera. Mwana wanga amagulitsa tomato ndi nyemba pambali pake, amakangana za malo oika benchi. Khanda lija ndi uyu wakhala apayu akudya mtedza m'malo mosenda. Dokotala wamkazi ndinamva kuti anapita kunja kukawonjezera maphunziro, kaya anabwerako kaya, sindinamuonenso. Bambo wachikulire uja anatuluka ndi mwana wake ife tisanatuluke, kwawo kunali ku Nsanje. Ine ndinabwerera ku Engutwini, ndikulimabe, mawondo okha ndi amene akukana.

Mnzanga wa kumapiri, mwamuna wake chinali chotupa chenicheni. Anamuchita opaleshoni, anakhalako miyezi ingapo, anamwalira nthawi ya masika. Kumaliro sindinathe kupita, n'kutali. Anabwerera kukathyola tiyi, ndipo pano akulera adzukulu anayi. Amaimba foni pa Khirisimasi, mawu ake omwe aja, mpaka foniyo umaichotsa kukhutu. Chaka chatha anatitumizira nanazi pa basi, zinafika ziwiri zitaphwanyika, zinazo tinadya.